Kuima Pamzere Bwana Akuona

Lachitatu lapitali, dzuwa litakwera ndithu, ndinakumana ndi Mayi Nabanda pamalo okwerera basi pafupi ndi msika wa Romford. Limeneli si dzina lawo lenileni. Ndawabwereka mfunda wa eni ake kuti ndisawaonjezere mavuto. Mayiwa amagwira ntchito yosamalira nkhalamba m'makomo, ndipo nthawi ngati imeneyo sapezeka ali chiimire pamsewu. Amakhala akusambitsa munthu, kapena akuthamangira khomo lachitatu. Tsiku limenelo anali atavala yunifolomu mkati mwa jasi, koma basi itabwera sanakwere.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Kodi lero ndi tchuthi?"

Anatulutsa foni, nandionetsa rota yawo, ndiye kuti ndandanda wa masiku ndi maola a ntchito. Malo onse anali oyera.

"Sabata yachiwiri ino, a Mlembi, ndilibe shifiti ngakhale imodzi. Yunifolomuyi ndimangovala, mwina foni n'kulira." Anaibweza foniyo m'thumba, nandiyang'ana kumaso. "Koma munandiwerenga bwino tsiku lija. Simunaphonye."

Mawu amenewo akundilondola mpaka lero. Choncho ndiloleni, owerenga anga, ndifotokoze za tsiku limene ankanenalo, chifukwa zimene zikuyenda m'magulu a pafoni zambiri n'zabodza, ndipo zotsalazo n'zopotoka.

Ife Amalawi a mbali ino ya London tili ndi bungwe lothandizana pa maliro. Timakumana mu holo ya tchalitchi china ku Edmonton. Mmodzi wa ife akatisiya, membala aliyense amapereka gawo lofanana kuti thupi likwere ndege likagone kwawo. Ine ndakhala mlembi wa bungweli chiyambire. Malamulo ake ndinawataipa ndi zala zangazi pa makina aja a riboni, ambiri mwa amene akufalitsa nkhani lero asanabadwe.

Ena akuti Mayi Nabanda anatukwana munthu wamkulu pamsonkhano. Sizoona. Ndinali pomwepo ndi cholembera m'manja, ndipo liwu lachipongwe silinatuluke pakamwa pawo. Ena akuti anatumidwa ndi andale. Nazonso sizoona. Maganizo amene anabweretsa anawatola patebulo la tiyi, ndipo amene anawagwetsa pamenepo ndine.

Nkhani yake ili motere. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku America, ndipo amakhala m'chigawo china chimene chili ndi boma lakelake pansi pa boma lalikulu. Kumeneko, nthawi ya chisankho, pepala lovotera silikhala ndi maina a anthu okha. Limakhalanso ndi mafunso amene nzika zimayankha kuti inde kapena ayi. Ulendo uno limodzi mwa mafunsowo n'lakuti: kodi anthu olandira ndalama zochuluka kwambiri awonjezeredwe msonkho, kuti zotolerazo zithandize sukulu ndi zipatala? Mwanayo anandiimbira foni kufuna maganizo anga. Ine ndimamulankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chingerezi, monga achitira ana athu okulira kuno. Anandiuza kuti mtsutso wafika povuta. Ovomereza akuti wokolola zambiri m'dziko abwezeko zambiri. Okana akuti olemerawo angosamukira m'chigawo choyandikana nacho, n'kutenga ntchito za anthu. Anandiuzanso kuti pepalalo linamupeza pakhomo, ndipo adzachonga ali yekha m'khichini, n'kulimata mu envulopu.

Nkhaniyi ndinaikamba Lamlungu lina titatuluka m'mapemphero, ndipo sindibisa, ndinaikamba monyadira kuti mwana wanga amafunsabe nzeru kwa bambo wake. Mayi Nabanda anali kutsuka makapu chapafupi. Patapita sabata anandipatsa kapepala kolembedwa pamanja, kopempha kuti pamsonkhano wotsatira tikambirane mfundo iyi: olandira ndalama zambiri azipereka magawo atatu pa maliro, apakati magawo awiri, otsala gawo limodzi. Ndinakonza kalembedwe ka mawu awiri, n'kuika mfundoyo pandandanda wa zokambirana.

Apa ndiyenera kutchula munthu wina, amene tonse timangomuti a Dairekita. Bamboyu ali ndi kampani yotumiza osamalira odwala m'makomo, ndipo ambiri mwa mamembala athu atsopano anabwera m'dziko muno pa viza imene kampani yake inawaimira. Mayi Nabanda ndi mmodzi wa iwo. Kwa amene sadziwa za mapepala amenewa: viza yotere imamangidwa kwa wolemba ntchito. Ntchito ikatha, umakhala ndi masiku owerengeka oti upeze siponsa wina wokuimira, ukalephera, ulongedze. Mayiwa ali ndi ana awiri kumudzi amene sukulu yawo ikuyenda ndi thukuta la kuno.

Amene akuti a Dairekita ndi mbava ndiwadzudzulenso pomwe pano. Ndinawadziwa akutsuka mbale m'malo odyera, ali ndi jekete limodzi. Mipando imene timakhalapo mu holo ija anagula ndi iwo. Chaka china thupi la mnzathu litakhalitsa ku mochale chifukwa zopereka zinaperewera, anakwaniritsa ndi iwo, osauza munthu. Choonadi chiyenera kunenedwa chonse, ngakhale mbali imene sikometsa nkhani yako.

Loweruka la msonkhano, masabata awiri apitawo, holo inadzaza. Apampando athu, bambo wofatsa amene sakonda mikangano, anaitana Mayi Nabanda kuti afotokoze mfundo yawo. Ndikulemba zimene ananena monga ndinazilembera nthawi yomweyo.

"Ine sindikukana kupereka, abale anga. Nanenso ndikufuna ndikagone kwathu. Koma chaka chino taika anthu anayi. Ine ndikapereka gawo langa, sabata imeneyo ndimayenda pansi kuchoka pakhomo la kasitomala wina kupita kwa wina, chifukwa ya basi palibe. Renti sidikira, mabilu sadikira. Pali ena muno akapereka gawo lomwelo sadziwa n'komwe kuti m'thumba mwachoka kanthu. Ndiye mukati n'zofanana, n'zofanana kwa ndani?"

Anakhala pansi.

Anaimirira Sisitala wina wamkulu wa pachipatala, mayi amene ndimamulemekeza, ndipo anatsutsa moona mtima. "Ine papepala ndimaoneka wolemera," anatero. "Koma boma latengapo kale gawo lake lalikulu ndisanaione ndalamayo. Mogeji, ngongole ya nyumba ija, yatengapo. Kumudzi kuli anthu khumi ndi mmodzi amene amadya kuchokera m'dzanja langa. Ndiye mudzadziwa bwanji wolandira zambiri? Tizibwera ndi mapepala a malipiro kudzaonetsa a Mlembi? Ine pandekha sindingavule choncho pagulu."

Funso lakelo ndi lolemera, ndipo mpaka lero ndilibe yankho lake lokwanira. Ndikulilemba pano kuti wina asadzanene kuti onse okana anali ouma mtima.

Kenaka anaimirira a Dairekita. Sanakweze mawu. Anthu otere safunika kukweza mawu.

"Ndamva, ndipo ndathokoza. Ine msonkho ndimalipira kale ku boma, woposa wa theka la holo ino. Ntchito ndimapereka. Mipando mwakhalayo simunandikakamize ndi lamulo. Koma mukafuna kusandutsa mtima wanga wabwino kukhala msonkho, palibe vuto. Mabungwe a maliro mu London muno ndi ambiri. Mawa lomwe ndikalembetsa kwina."

Ndinamva ngati mwana wanga akulankhulanso pafoni paja. Olemera asamuka. Mawu omwewo, kutsidya kwa nyanja yamchere ndi muno mu holo ya tchalitchi.

Tsopano ndafika pa bodza lachitatu, limene likundiwawa kuposa ena onse chifukwa likunditeteza. Anthu akuti apampando ndi amene anakakamiza voti ya poyera pofuna kusangalatsa a Dairekita. Ayi. Apampando sanalakwe kanthu. Namwino wina wachitsikana anakweza dzanja n'kupempha kuti aliyense alembe inde kapena ayi pakapepala, tiponye m'chipewa. Apampando anali atagwedeza kale mutu kuvomera. Wina anali atayamba kale kung'amba mapepala m'kope.

Amene anaimirira kukana ndine.

Ndinatsegula malamulo a bungwe, n'kuwerenga ndime yachisanu ndi chinayi, ngakhale kuti ndimaidziwa pamtima. Ndimeyo imati mfundo iliyonse idzagamulidwa poima pamzere: ovomereza kumbuyo kwa wobweretsa mfundo, okana kumbuyo kwa woitsutsa, ndipo mlembi adzawerenga mokweza. Ndinawauza kuti bungwe lopanda malamulo ndi msika. Ndinamuuza namwino uja kuti malamulo sasinthidwa ndi kukweza dzanja kwa munthu amene walowa dzana.

Mayi wina wa ku Zambia, wokwatiwa kwa ife, anakuwa ali kumbuyo: "Manje imwe ba Mlembi, mufuna tiimilile monga bana ba sukulu, ba bosi bali kutamba?"

Kwawoko kutamba ndi kuonerera. Anthu anaseka. Inenso ndinamwetulira, n'kumuuza kuti pano tikulankhula Chichewa. Anasekanso. Mayiyo anali atanena zonse zimene ndikulemba m'ndemanga ino m'chiganizo chimodzi, ndipo ine ndinamuyankha ndi nthabwala.

Mufunsa kuti lamulo lotere tinalilemberanji? Achinyamata amaganiza kuti tinangokopera mmene zipani za kwathu zimasankhira oimira awo, anthu kundanda kumbuyo kwa munthu pabwalo la sukulu. Kunena zoona, chizolowezicho tinali nacho m'magazi, koma chifukwa chenicheni chinali china. Ife oyambitsa bungweli tinali othawa kwathu m'masiku a chipani chimodzi. Pakati pathu pankalowa akazitape. Munthu unkadya naye Loweruka, Lolemba mawu ako afika kumudzi, m'bale wako n'kutengedwa. Chilichonse chobisika chinkatinunkhira chiwembu. Tinagwirizana kuti pakati pathu sipadzakhala kapepala kopindidwa. Aliyense aonetse nkhope yake ndi pamene waima. Lamulo limenelo linatiteteza, ndipo sindichita nalo manyazi pa nthawi yakeyo.

Koma taonani chimene ndinaiwala. Masiku amenewo tonse tinali osauka mofanana. Wina ankalondera, wina ankasesa m'sitima, wina ankaphunzira. Panalibe mmodzi wogwira mapepala a mnzake. Ukaima mzere wosiyana ndi mnzako, choipa chimene chikanakuchitikira n'chakuti sakupatsa moni mwezi umodzi. Lero mu holo yomweyo muli munthu amene siginecha yake ndi imene ikusunga anzake m'dziko muno. Ine ndinasunga mawu a lamulo zaka zonsezi, osaona kuti anthu amene lamulolo likuwaimiritsa asintha.

Choncho mizere inaima. A Dairekita anapita kumanja kwa holo, manja ali m'thumba, natembenuka kuyang'ana amene akubwera. Mayi Nabanda anaima kumanzere, pafupi ndi chitseko cha kukhichini.

Ndinaona zimene sindinaonepo pamsonkhano wathu. Amayi atatu anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbale sizinatsukidwe. Bambo wina foni yake inalira, ngakhale kuti palibe amene anaimva. Kuchimbudzi kunachita mzere wakewake. Ndipo antchito a kampani ija, anthu amene masabata apitawo ankandinong'oneza pakhomo la tchalitchi kuti "mfundo ija ndi yabwino, achikulire," anayenda mmodzimmodzi, mitu ili pansi, kukaima kumanja. Mtsikana wina amene amagona chipinda chimodzi ndi Mayi Nabanda anadutsa pamaso pawo osawayang'ana.

Kumbuyo kwa Mayi Nabanda kunaima anthu asanu ndi mmodzi: nkhalamba zopuma ntchito, namwino uja, ndi mayi wa ku Zambia. Onsewo ndi anthu amene mapepala awo sali m'kabati ya munthu. Wa pakampani paja anali Mayi Nabanda okha.

Ine sindinaime mzere uliwonse. Lamulo limati mlembi savota, amawerenga. Ndinawerenga mokweza, mutu ndi mutu, ndikuloza ndi cholembera, monga ndachitira zaka zonse. Mfundo inagwa. Tinapemphera, tinamwa tiyi, ndipo ndinakwera sitima kubwerera kunyumba ndili wokhutira kuti msonkhano wayenda mwadongosolo.

Lolemba lotsatira dzina la Mayi Nabanda silinaoneke pa rota.

Ndikhale wachilungamo. Ndilibe umboni wakuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana. Nditachoka ku Romford Lachitatu lija ndinawaimbira a Dairekita, ndipo anandilandira mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Achikulire, mwatikumbuka lero! Kunyumba ali bwanji amayi?"

Ndinawafunsa za rota.

"Aa, zimenezo ndi za kuofesi, achikulire. Ine rota sindipanga, amapanga ndi ana a mu ofesi. Makasitomala achepa, wina wamwalira, wina wapita kuchipatala. Bizinesi imatero."

Ndinawafunsa ngati pali wantchito wina amene makasitomala ake achepa mpaka kutheratu.

Anaseka pang'ono. "Inu ndi mlembi wa bungwe, achikulire. Kampani ili ndi mlembi wake."

Mwina akunena zoona. Mwina makasitomala achepadi. Koma tamverani: ngakhale zitakhala kuti zinangochitika mwangozi, wantchito aliyense wa pakampani paja waona, ndipo waphunzira. Phunzirolo silifuna umboni.

Tsopano ndibwerere ku funso la mwana wanga, pakuti ndilo linayambitsa zonsezi. Kodi olandira zambiri awonjezeredwe msonkho?

Ine ndinaona msonkho wofanana kawiri pamoyo wanga, ndipo kawiri konseko unali nkhanza. Kwathu, khadi lachipani linali la mtengo umodzi kwa nduna ndi kwa mayi wogulitsa masamba, ndipo wopanda khadi sankalowa mumsika. Kuno, ndinali mumzinda uno pamene boma linayesa kukhometsa munthu aliyense msonkho umodzi, mwini nyumba yosanja ndi womusesera yemwe. Ena pokamba amati unali msonkho wa nyumba; ayi, unali wa mutu, ndipo misewu inadzaza anthu okwiya mpaka unachotsedwa. Zonsezi ndinaziona ndi maso. Nanga zinatheka bwanji kuti ndisunge msonkho wa mtundu womwewo m'bungwe langa, n'kumautcha umodzi? Panafunika mayi wotsuka makapu kuti andionetse.

Sindikunena kuti okana alibe mfundo. Sisitala uja ali nayo: wooneka wolemera papepala si nthawi zonse pamene ali wolemera m'nyumba. Ndiponso ndalama ya msonkho ikalowa m'manja mwa boma, ife a kwathu tikudziwa bwino kuti siifika yonse kumene anailonjeza. Amene akufunsa kuti "zotolerazo zidzayang'aniridwa ndi ndani?" akufunsa funso la nzeru, ndipo ovomereza asamakwiye nalo.

Koma mfundo yakuti "mukatero ndisamuka" ndi yamtundu wina. Imeneyo sikuuza ngati lamulolo ndi lolungama kapena ayi. Imangokukumbutsa kuti wina angathe kuchoka, pamene iwe sungathe. Wolemera ali ndi chigawo china, bungwe lina, dziko lina. Mayi Nabanda ali ndi chiyani? Iwo akasamuka, ndiye kuti asamutsidwa. Mwina olemerawo amasamukadi, mwina amangoopseza; ine si katswiri wa zachuma ndipo sindinamizira kudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtsutso umene mbali imodzi ikutaya mipando ya mu holo, ina ikutaya chilolezo chokhala m'dziko, si mtsutso wa anthu ofanana, ngakhale onse atapatsidwa mphindi zofanana zolankhulira.

Kuno ku Britain satifunsa mafunso otere papepala. Timasankha chipani, chipanicho n'kukagamula za msonkho ife tili kunyumba. Pafoni paja ndinamuseka mwana wanga, ndinati dziko lofunsa munthu wamba za msonkho ndi dziko limene atsogoleri ake athawa udindo. Lero sindikusekanso. Kaya funsolo lidutsa kaya ligwa, pali chinthu chimodzi chimene iwo ali nacho chimene ife tinalibe ku Edmonton: envulopu yomata. Wantchito wa m'nyumba ya wolemera angathe kuchonga inde m'mawa, masana n'kukamuphikira bwana wake, bwanayo osadziwa. Mwina ambiri achonga ayi mwa kufuna kwawo, ndipo ndi ufulu wawo. Koma yankho lidzakhala lawo.

Ife yankho la anthu athu sitikulidziwa. M'buku la bungwe ndinalemba kuti mamembala akana mfundoyo. Ndinalemba zabodza, ngakhale kuti sindinaphonye mutu umodzi. Chimene ndinawerenga tsiku lija si maganizo a anthu pa zopereka za maliro. Ndinawerenga anthu amene akuopa ndi amene alibe choopa.

Ndipo musaganize kuti ndi bungwe lathu lokha. Ndi makomiti angati a m'matchalitchi athu kuno amene amagamula zinthu pokweza manja, wopereka chakhumi chachikulu atakhala kutsogolo? Ndi magulu angati a pafoni amene funso limaponyedwa poyera, aliyense n'kudikira kaye kuti wamkulu ayankhe? Timati ndife anthu okonda kugwirizana. Kodi n'kugwirizana, kapena tangozolowera kuyang'ana kaye kumene bwana waima?

Nkhani ya Mayi Nabanda sinathere pamalo okwerera basi paja. Dzulo, Lachisanu, anabwera kunyumba kwanga. Mayi a kunyumba anawapatsa tiyi, koma anangomugwira m'manja mpaka kuzizira. Anati uthenga wawapeza kudzera mwa anthu, monga mauthenga otere amayendera, wakuti mtima wa a Dairekita ungatsike ngati patakhala kalata yopepesa, yoti iwerengedwe pamsonkhano wotsatira pamaso pa onse.

"Ndiye ndabwera kwa inu, a Mlembi. Ine sukulu ndinalekeza panjira. Inu mumadziwa kuika mawu. Mundilembere."

Ndinawauza kuti sanalakwe, ndipo munthu sapepesa chimene sanalakwe. Ndinawauza kuti m'dziko muno muli malamulo oteteza antchito, ndiponso muli malo opereka uphungu kwaulere, ndinadzipereka kuwaperekeza.

"Ndikudziwa, bambo. Koma malamulowo akamayenda, ana anga azidya chiyani? Mlandu umatenga miyezi, ine ndili ndi masabata. Inu pasipoti yanu ndi ya kuno. Mungathe kukhala wolungama. Ine ndikufuna shifiti."



Ndinatenga pepala, ndipo kalatayo ndinailemba. Ili ndi ndime zitatu. Ikuti mayiyo analankhula mosaganiza, akuthokoza a Dairekita chifukwa cha mtima wawo wabwino, ndipo akuchotsa mfundo yawo. Mulibe cholakwika chilichonse cha kalembedwe. Ndi kalata yoipa kuposa zonse zimene ndinalembapo. Anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda, nasaina.

Ndinawapempha chilolezo choti ndilembe ndemanga ino, ndipo ndinawachenjeza kuti a m'bungwe adzawazindikira ngakhale ndibise dzina.

"Onse akudziwa kale. Lembani. Koma mulembe kuti ndapepesa, ndipo mulembe kuti zina zonsezo ndi maganizo anu, si anga."

Ndalemba. Apepesa. Zina zonsezi ndi zanga, ndipo amene akufuna wokwiyira akwiyire ine. Alibe rota yondichotsapo.

Atanyamuka kuti azipita, ndinawaonetsa pepala lachiwiri limene ndinali nditalemba m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndi pempho langa, loyamba pa zaka zonse za ulembi wanga, lakuti ndime yachisanu ndi chinayi ifufutidwe, ndipo kuyambira tsopano mfundo iliyonse izigamulidwa ndi timapepala topinda m'bokosi. Mfundo ya magawo atatu ija idzabwerenso kapena isadzabwere, imeneyo ndi nkhani ya mamembala. Ine ndikungofuna kuti tsiku limene idzabwere, yankho lidzakhale lawo.

Anawerenga, nandifunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga pempho lanuli tidzavotera bwanji?"

Malamulo ndinalemba ndine, ndipo sindingawanamize. Ndime yachisanu ndi chinayi idakali moyo mpaka itafufutidwa. Pempho loichotsa lidzagamulidwa poima pamzere.

Anavala jasi lawo pamwamba pa yunifolomu ija, nafika pakhomo, natembenuka.

"Ndiye tsiku limenelo musadzandiyang'ane, a Mlembi. Ndidzaima kumanja."

Msonkhano uliko Loweruka loyamba la mwezi wamawa, mu holo yomwe ija. Ndidzawerenga mapepala awiri: kalata ya Mayi Nabanda poyamba, pempho langa pambuyo. Kenaka ndidzapereka cholembera kwa apampando kuti apeze wina wowerenga, ndipo ndidzakaima kumanzere, pafupi ndi chitseko cha kukhichini, pamene mayi uja anaima.

Kwa amene mapepala anu ali m'kabati ya munthu, sindikupemphani kanthu. Kaimeni kumanja, kapena kakumbukireni mbale zosatsuka, sindidzakuwerengani. Koma inu anzanga amene muli ndi pasipoti ya kuno, inu opuma ntchito, inu a Sisitala amene munati simungavule pagulu, inu amene ana anu amavota ali okha m'khichini: palibe amene angakufufuteni pa rota. Loweruka limenelo mudzaima mbali iti?